Pamene Malamulo a Zaumoyo Akulembedwa, Kodi Amayi Tili Kuti?

Sabata ino tiyeni tiyambe taika pambali mphika ndi singano, tikambirane nkhani imene poyamba ingaoneke ngati ya anthu a m'maofesi okha, koma tikamafika kumapeto muona kuti yaima pakhomo panu penipeni. Nkhaniyi ndi ya maphunziro apadera amene amaperekedwa kwa anthu oti agwira kale ntchito zaka zingapo, makamaka pa za kakonzedwe ka mfundo ndi malamulo oyendetsera zaumoyo m'dziko. Kapena inu eni ake simugwira ntchito ya kuchipatala. Koma ndani mwa ife amene alibe mwana, mng'ono, mlamu kapena mpongozi amene ndi namwino, mzamba, dokotala kapena mlangizi wa zaumoyo? Ngati alipo, ŵerengani modekha, ndipo mukatha mukampatse tsambali.

Lamulo lolembedwa kutali limamveka m'chikuta

Mayi akapita ku sikelo, zonse zimene amakumana nazo kumeneko zinakonzedwa kale ndi anthu ena. Mwezi woyambira sikelo, magazi amene ayezedwe, mankhwala amene apatsidwe, katemera amene khanda lilandire ndi nthaŵi yake, ngakhale zoti alipire kapena asalipire, namwino sazipeka m'mutu mwake ayi. Izi ndi mfundo zimene anthu anakhalirana pansi ku Unduna wa Zaumoyo, nazilemba, nazitumiza ku zipatala zonse kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Mfundo ikakonzedwa bwino imapulumutsa anthu ochuluka kuposa amene dokotala mmodzi angawachize moyo wake wonse. Ikakonzedwa mosaganizira mmene anthu amakhalira, amene amalira ndife amayi.

Tiyeni tikumbutsane za azamba a m'midzi. M'chaka cha 2007 boma linawaletsa kuchiritsa amayi. Cholinga chinali chabwino ndithu, pakuti kafukufuku wa m'chaka cha 2004 anali ataonetsa kuti pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, amayi 984 ankamwalira chifukwa cha uchembere. Komatu lamulo silifupikitsa mtunda. Mayi amene chipatala chamtalikira, mtsinje wadzaza, matenda amuyamba pakati pa usiku, ankapitabe kwa azamba mobisa, ndipo zinthu zikavuta azambawo ankachita mantha kumtumiza kuchipatala poopa mlandu. Mu 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika analengeza kuti chiletsocho chachotsedwa, ngakhale kuti mafumu a m'madera ambiri anapitiriza kulipiritsa mabanja amene mayi wachirira kunyumba. Zipatso zake zinaoneka, pakuti pamene mu 1992 ana 55 okha mwa 100 ankabadwira kuchipatala, pofika 2016 anali 91, ndipo imfa za amayi zinatsika kufika pa 439. Koma amene anagonapo pa chidikiro akudziŵa kuti kuchuluka kwa amayi sikunayendere limodzi ndi kuchuluka kwa mabedi, madzi ndi anamwino.

Chitsanzo china ndi chonyaditsa. Kale mayi woyembekezera akapezeka ndi kachirombo ka HIV ankayenera kuyamba wayezedwa mphamvu ya chitetezo cha m'thupi kuti adziŵe ngati angayambe mankhwala otalikitsa moyo. Makina oyezera anali ochepa, zotsatira zinkachedwa, ndipo ana ambiri ankatenga kachirombo amayi awo akudikirabe. Akatswiri a m'dziko muno anati: tisadikire makina, mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachirombo ayambe mankhwala nthaŵi yomweyo, ndipo amwe moyo wake wonse. Njira imeneyi, yotchedwa Option B+, inayamba mu 2011. M'miyezi itatu ya April mpaka June chaka chimenecho amayi otere amene anayamba mankhwala anali 1,257, koma m'miyezi itatu ya July mpaka September 2012 anali 10,663. Mu 2013 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza maiko ena kutsata njira yomweyo. Nzeru inachokera ku Malaŵi, dziko lonse lapansi nkuitola.

Komabe ngakhale pamenepa panali chimene namwino wa kumudzi akanachinena msanga. Mayi amene wauzidwa m'maŵa kuti ali ndi kachirombo, napatsidwa botolo la mankhwala masana omwewo, madzulo amafika kunyumba kumene bambo sadziŵa kanthu. Ena anabisa botolo lija, ena sanabwererenso kuchipatala. Zotere sizioneka pa pepala la chiŵerengero. Amazidziŵa ndi amene anakhala pa benchi ndi mayi wolira uja.

Ogwira ntchito ndi amayi, olamula ndi abambo

Mu 2019 bungwe la WHO linatulutsa lipoti loonetsa kuti pa anthu 100 alionse ogwira ntchito zaumoyo ndi zosamalira anthu pa dziko lonse, pafupifupi 70 ndi amayi, koma pa mipando yautsogoleri amayi ali ndi mipando 25 yokha pa 100. Inunso ndinu mboni: mukaloŵa m'chipinda chochirira mupezamo amayi, koma mukayang'ana zithunzi za misonkhano ikuluikulu muona majekete ndi mataye. Sindikunena kuti abambo sangaganizire amayi ayi, alipo ambiri amene atigwirira ntchito yotamandika. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la zaumoyo silingakhale bwino ngati amene amalisenza tsiku ndi tsiku saitanidwa pamene akupangana za mmene alimangire.

Tsono kuti munthu akhale nawo pa mkumano wotere, kudziŵa kubaya jakisoni ndi kuchiritsa sikukwanira. Pamafunika kudziŵa kuŵerenga ndondomeko ya chuma cha boma, kumasulira zotsatira za kafukufuku, kulemba mwachidule zimene nduna ingaŵerenge ndi kumvetsa, ndiponso kuima pamaso pa aphungu ndi kufotokoza chifukwa chake ndalama zipite ku chidikiro osati ku galimoto zatsopano. Mwachitsanzo, mu 2001 atsogoleri a maiko a mu Africa anagwirizana ku Abuja kuti pa ndalama zonse za boma, magawo 15 pa 100 azipita ku zaumoyo, koma maiko ambiri sanafikepo pamenepo. Wowakumbutsa ayenera kukhala wodziŵa kuŵerengera. Ndiponso chiyambire January 2025, pamene boma la America linaimitsa ndi kudula thandizo lambiri limene linkapereka ku maiko ngati lathu, kufunika kwa anthu athu odziŵa kugaŵa zochepa mwanzeru kwakula kuposa kale.

Makomo amene alipo

Maphunziro amene ndikunenaŵa Angerezi amawatcha fellowship, ena scholarship. Sali ngati sukulu ya ana ayi. Amafuna munthu wokhwima, amene waona mavuto pa ntchito ndipo ali ndi funso limene likumsautsa. Kaŵirikaŵiri amamlipirira ulendo, sukulu, malo ogona ndi chakudya, kuti kwa miyezi ingapo kapena chaka aphunzire, aone mmene ena amachitira, apeze abwenzi a ntchito yofanana, kenaka abwerere kwawo.

Khomo lodziŵika kwambiri ndi la Chevening, la boma la Britain, limene linatsegulidwa mu 1983. Limalipirira digiri yachiŵiri ya chaka chimodzi pa yunivesite ya ku Britain, ndipo za kayendetsedwe ka zaumoyo zimaphunzitsidwa m'malo monga London School of Hygiene and Tropical Medicine. Wopempha ayenera kukhala ndi digiri yoyamba ndiponso akhale atagwira ntchito zaka zosachepera ziŵiri. Palibe malire akuti wakula kwambiri, choncho mayi wa zaka 45 asadziyese wotsalira. Kulembetsa kumayamba cha mu August, kupyolera pa intaneti, ndipo wopambana amalonjeza kubwerera kwawo ndi kukhalako zaka zosachepera ziŵiri.

Khomo lachiŵiri ndi la Commonwealth, limene linayamba mu 1959. Ili ndilo ndikufuna kuti amayi a ana aang'ono alimvetsetse, pakuti pambali pa maphunziro opita kunja, lilinso ndi maphunziro a digiri yachiŵiri amene munthu amachita ali kwawo. Amagwira ntchito yake masana, naphunzira pa kompyuta madzulo, digiri nkuchokera ku yunivesite ya ku Britain. Ndi ntchito yolemetsa, koma mwana sasiyidwa.

Lachitatu ndi lathu la mu Africa muno. Bungwe la Africa CDC, limene likulu lake lili ku Addis Ababa m'dziko la Ethiopia, linakhazikitsa mu 2020 maphunziro a utsogoleri pa zaumoyo otchedwa dzina la malemu Kofi Annan wa ku Ghana, amene anatsogolera bungwe la United Nations kuyambira 1997 mpaka 2006. Gulu loyamba linayamba mu 2021. Maphunziroŵa ndi a chaka chimodzi, ambiri a iwo amachitika munthu ali pa ntchito yake, ndipo amafuna anthu amene ali kale ndi digiri yachiŵiri ndi zaka zambiri za utumiki. Palinso bungwe la Beit Trust, limene limathandiza anthu a m'maiko atatu okha, Malaŵi, Zambia ndi Zimbabwe, kukachita maphunziro apamwamba ku Britain ndi ku South Africa.

Nanga ku America? Kumeneko Pulezidenti Jimmy Carter anakhazikitsa mu 1978 maphunziro okumbukira Hubert Humphrey, amene anakhalapo wachiŵiri kwa pulezidenti wa dzikolo. Anawakonzera anthu amene agwira ntchito zaka zosachepera zisanu, kuti akakhale miyezi khumi pa yunivesite, osati kukatenga digiri koma kukanola luso, ndi kukagwirako ntchito masabata angapo m'bungwe la kumeneko. Kwa zaka zambiri a zaumoyo ankapita ku yunivesite ya Emory mu mzinda wa Atlanta. Koma mu 2025 boma la America linakhwimitsa malamulo a ziphaso zoloŵera m'dzikomo kwa anthu a ku Malaŵi ndi Zambia. Choncho amene mtima wake uli kumeneko ayambe wafunsa ku ofesi ya kazembe asanataye nthaŵi ndi ndalama. Safunsa anadya phula.

Mwina wina akuti, "Ine ndili ndi dipuloma chabe, zimenezi si zanga." Mayi mnzanga, makwerero sayambira pamwamba. Yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences, imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, imaphunzitsa madigiri a unamwino ndi uzamba, ndiponso digiri yachiŵiri ya zaumoyo wa anthu. Yunivesite ya Mzuzu nayo imaphunzitsa unamwino. Yambani mwakwera pamenepo. Pulofesa Address Malata anayamba ngati namwino ndi mzamba, anakaphunzira ku Australia, anabwerako natsogolera Kamuzu College of Nursing, ndipo mu 2016 anasankhidwa kukhala mkulu wa yunivesite ya MUST ku Thyolo. Dokotala Matshidiso Moeti wa ku Botswana anatsogolera bungwe la WHO mu Africa kuyambira 2015 mpaka 2025, ndipo anali mayi woyamba kukhala pa mpando umenewo. Njirayi ena anaipondapo kale.

Zimene osankha amafuna kumva

Pafupifupi onse amafuna zinthu zofanana: mapepala a sukulu, makalata a umboni ochokera kwa anthu aŵiri kapena kuposerapo amene amadziŵa ntchito yanu, pasipoti, ndipo nthaŵi zambiri mayeso a Chingerezi monga IELTS kapena TOEFL. Koma pamene ambiri amagwera ndi pa nkhani imene munthu amalemba yofotokoza za iye mwini. Ife amayi tinaleredwa kuti kudzitama nkoipa, ndipo tikafunsidwa zimene tinachita timayankha kuti, "Tinangoyesetsa ndi anzathu." Ulemu ndi wabwino, koma mbeŵa ya manyazi inafera kuuna. Osankhawo sakudziŵani, ndipo sangalote zimene simunalembe.

Musalembe kuti mumakonda kuthandiza anthu, pakuti aliyense amalemba zomwezo. Lembani vuto limodzi limene munaliona ndi maso anu, chimene munachitapo, ndi chimene chinasintha. Ngati munaona kuti amayi akuchedwa kuyamba sikelo, nimukakambirana ndi mafumu ndi a mipingo, nenani kuti asanabwere maganizo anu ankabwera angati pa mwezi, ndipo pambuyo pake angati. Chifukwa chake yambani lero kusunga kabuku kolembamo zimene mukuchita pa ntchito, ndi masiku ake ndi ziŵerengero zake zoona. Musawonjezere kanthu ngakhale pang'ono, pakuti bodza limagwidwa pa tsiku la mafunso. Kenaka fotokozani momveka chimene mudzachite mukabwerako, mu ofesi iti, ndi kwa anthu ati.

Makalata a umboni apempheni nthaŵi ikalipo, musamuutse bwana wanu usiku wa tsiku lotsekera. Kambiranani msanga ndi akuluakulu a ku ntchito za tchuthi cha maphunziro, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe, kuti pobwera musadzapeze mpando wanu uli ndi mwini. Dziŵaninso kuti kulembetsa ku Chevening ndi ku Commonwealth nkwaulere. Munthu akakutumizirani uthenga pa foni kuti mumpatse ndalama akupezereni malo, ameneyo ndi wakuba. Ndipo mukalephera chaka choyamba musataye mtima, pakuti opempha ndi ochuluka ndipo malo ndi ochepa. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Khomo lovuta ndi la kunyumba

Tsopano ndafika pamene pali mtima wa nkhani yathu. Bambo akapeza mwayi wopita kunja, mudzi wonse umakondwera, ndipo palibe amene amafunsa kuti ana atsala ndi yani. Mayi akaupeza, mafunso amagwa ngati mvula. Nanga abambo adya chiyani? Nanga banja silitha? Nanga akabwerako ndi madigiri adzagwadanso? Chomvetsa chisoni nchakuti mafunso ameneŵa kaŵirikaŵiri amatuluka m'kamwa mwa ife amayi anzake, apongozi, alamu ndi anzake a ku mpingo. Motero mapepala amabwezedwa m'sutikesi, zaka nkumapita, ndipo mnyamata amene iye anamphunzitsa ntchito ndiye amadzakhala bwana wake.

Sindikupeputsa nkhaŵa zimenezi. Chaka ndi nthaŵi yaitali kwa mwana wamng'ono, ndipo ndalama za maphunziro ambiri otere zimaŵerengedwera munthu mmodzi, osati banja lonse. Mabanja ena anagwedezekadi chifukwa cha kutalikirana. Walira mvula walira matope. Koma matope amawolokeka anthu akapangana. Inu amene mukufuna kupempha, musawadzidzimutse abambo a kunyumba ndi kalata yoti mwapambana. Auzeni pa chiyambi penipeni, muŵerengere limodzi miyezi, ndalama zimene zidzaloŵe ndi zimene zidzasoŵe, amene adzasamale ana, ndi mmene muzidzalankhulirana. Ngati pakufunika, ankhoswe amve nkhaniyi kuchokera kwa inu nonse aŵiri, asaimvere kumadzi. Ngati mwana akali kubere, sankhani maphunziro ochitira kunyumba, kapena dikirani chaka chimodzi mukukonzekera mayeso a Chingerezi. Kudikira ndi kusiya ndi zinthu ziŵiri zosiyana.

Ndipo inu amayi aakulu, inu apongozi, mawu anu ndi olemera kuposa mmene mudziŵira. Mukanena kuti, "Pita mwanawe, adzukulu ndikhala nawo ine," palibe mlamu amene angatsegulenso pakamwa. Inu akulu ake ndi ang'ono ake, kutenga mwana mmodzi kwa miyezi khumi sikungakusaukitseni. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Inu amene simunapite patali ndi sukulu musadziyese opanda gawo, pakuti digiri ya mayi wapabanja siitengedwa ndi munthu mmodzi. Pambuyo pake pamakhala wina amene anaphika, wina amene anapita ndi mwana ku sikelo, ndi wina amene anatseka pakamwa pa amiseche.

Wopita abwere

Mawu otsiriza apite kwa amene adzapite. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino athu ambiri anapita ku Britain osabwerera, ndipo zipatala zinatsala pa umphaŵi wa antchito, kufikira boma ndi abwenzi ake anakonza ndondomeko yapadera mu 2004 imene inawonjezera malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ndi magawo 52 pa 100 ndi kuchulukitsa ophunzira m'makoleji. Sitiweruza amene anapita, pakuti aliyense amadziŵa pamene nsapato ikumuluma. Koma maphunziro amene takambiranaŵa anakonzedwa kuti munthu abwere, ndipo amene anakusungirani ana anachita zimenezo poyembekezera kuti mudzabwera ndi kalumo kakuthwa.

Mukabwera musadzaiŵale benchi ya ku sikelo. Mukadzakhala pa mkumano ku Lilongwe, wina nanena kuti amayi onse azichirira kuchipatala, inu mudzafunse kuti mlatho uli kuti, ambulansi ili ndi mafuta kodi, ndipo pa chidikiro pali madzi kapena ayi. Funso limenelo ndilo tikukutumani.

Tsono amayi anzanga, ntchito ya sabata ino ndi yochepa. Ganizirani mayi mmodzi wa pa mtundu panu kapena pa mpingo panu amene watumikira m'chipatala zaka zisanu kapena khumi. Mukamfunse ngati anaganizapo zopitiriza maphunziro, ndipo akayamba kutchula ana, inu mumuuze chimene mungamthandize. Tsalani bwino, tidzachezanso sabata ya maŵa.